A Crispim, Omanga Zipinda M'kompyuta

Pa Mwanza boma panalibe wosadziwa kuti a Crispim, okonza makompyuta kuseri kwa msika, sankaika sisitimu yoyendetsa kompyuta asanakufunse za moyo wako. Anzawo ntchitoyi ankaigwira msangamsanga, koma iwo ankayamba ndi kukupatsa mpando. Uli pabanja? Ana angati? Alamu ako amakonda kubwereka zinthu? Ukayankha zonse m'pamene ankatenga pensulo n'kujambula hadi disiki yako papepala ngati pulani ya nyumba: chipinda ichi cha sisitimu, ichi cha katundu wako, kakang'onoka ka nyimbo.

Abusa ena anawagawira zipinda zitatu, maulaliki paokha, mafilimu a ana paokha, ati zisamamverane. Dalaivala wina wa thiraki ataulula kuti ali ndi banja kuno, lina ku Tete, anamugawira zinayi.

Amene analimbana nawo kwambiri ndi a Laston, ahedi a pasekondale yathu kwa Nthache. Sukulu italandira kompyuta yake yoyamba, iwo anaikweza panjinga mpaka ku boma, nalamula kuti disiki yonse ikhale chipinda chimodzi chachikulu, poti anamva kuti ukaigawa imachepa.

"Ahedi," anatero a Crispim, "kwanu mbuzi zimagona limodzi ndi apongozi?"

"Ndabwera kudzakonzetsa kompyuta ine, osati kudzatukwanidwa."

"Ndiye ndilekeni ndimange khoma."

Khomalo linamangidwa. Chaka chonse a Laston ankadandaula mu stafu kuti theka la kompyuta yawo a Crispim anakaligulitsa ku Zobue. Komabe, poopa kukakhalanso pampando uja, zonse za sukulu ankazisunga m'chipinda chachiwiri monga anauzidwira.

Tsono kutatsala masiku awiri kuti mayina ndi zithunzi za ana a Fomu 4 zipite kolembetsa mayeso, fulashi ya mphunzitsi wina inabweretsa vairasi, kompyuta n'kukana kutsegula. Ana 83 onse anali momwemo, wojambula zithunzi atabwerera kale ku Blantyre. Kuphonya tsikulo ndiye kuti anawo akanadikira chaka china. A Laston anapalasa njinga m'mawa osalawa ngakhale tiyi, thukuta kamukamu, makina ali pakaliyala.

A Crispim anawapatsa mpando, n'kuwafunsa ngati akadali pabanja. Ahedi anatsala pang'ono kulira. A Crispim sanafulumire. Anapukuta magalasi, anafomata chipinda cha sisitimu chokha, kufufuta zonse zinali m'menemo, anaikamo sisitimu ina, kenako anatsegula chachiwiri chija. Ana onse anali phee m'zithunzi zawo, makutu ali njo, osasowa ndi mmodzi yemwe.

"Theka lija ndinakagulitsa ku Zobue ndi ili," anatero a Crispim. "Anandibwezera."

A Crispim anatisiya dzinja lapitali atangodwala sabata imodzi. Pamaliro tinaseka kwambiri, aliyense akusimba mafunso amene anafunsidwa, mpaka pamene anaimirira mlongo wawo, a Piedade. Iwo anati pothawa nkhondo kwawo ku Mozambique, mayi awo anamanga zonse mumtolo umodzi: zovala, zithunzi za bambo awo, ndi makalata a sukulu a Crispim, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mtolowo unapita ndi madzi powoloka mtsinje, ndipo mnyamatayo sanabwererenso m'kalasi. A Laston anali atalemba mawu ataliatali oti alankhule. Anangopinda pepalalo n'kulibwezera m'thumba.

Lero m'shopu ya a Crispim muja akugulitsamo mazira. Kompyuta ikafa pa boma amapita nayo ku Blantyre, n'kubwerako tsiku lomwelo ikuthamanga bwino koma mulibe kanthu, mbee ngati mbale yotsuka. Kusukulu kwathu kwabwera malaputopu anayi atsopano. Mwezi wachiwiri uno akadali m'makatoni mu ofesi ya ahedi, ndipo ana akafunsa kuti atsegulidwa liti, a Laston amayang'ana makatoniwo kanthawi, n'kungoti mawa.