Ndime Yachisanu ndi Chimodzi

Lolemba
Ndasiya kusankha fodya m'shedi! Zaka khumi ndi chimodzi, basi. Lero ndine wothandizira kafukufuku wa chimanga, papulazi pomwe pano. Andipatsa: jombo, tepi yoyezera, kope, ndi ndime zisanu ndi imodzi kuseri kwa komboni. Zisanu zadya feteleza wosiyanasiyana. Yachisanu ndi chimodzi siyenera kulawa kanthu, ndi yoyerekezera. A Dokotala a mbewu abwera Lachisanu kuchokera ku Chinhoyi. Ndikadali poyesedwa. Ndikalakwitsa, kushedi kukundidikira.

Lachiwiri
Vuto: ndime yanjalayo yayang'anana ndi khomo la Ababa, foromani wopuma. Chimanga chake chachikasu, choonda ngati ndodo. Aima pamenepo manja kumbuyo. "Mwanangu, ichi chakulakwira chiyani?" Ndafotokoza sayansi yonse. Agwedeza mutu bwinobwino. Amva!

Lachitatu
Sanamve. Phando lililonse lili ndi manyowa a nkhuku, oikidwa mwaluso, kutalika kwa chala chimodzi kuchokera patsinde. Ndawatola ndi manja mpaka dzuwa paliwombo. Ababa akuti mwina nkhuku zinangodutsa. Nkhuku zodziwa mizere!

Lachinayi
Ndakhoma chikwangwani m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi: OSATHIRA KANTHU. Komboni yonse yabwera kudzawerenga. Mayi Banda oyandikana nafe akuti, "Zvakaoma, zavuta ndithu. Mwana wa a Phiri wapita kusukulu kukaphunzira kumana chimanga chakudya." Ababa sanadye sadza. Ine ndadya, ndaonjezanso.

Lachisanu
M'mawa ndapeza m'ndimemo:
feteleza woyera wa a Banda,
phulusa la wina wake,
manyowa aja abwerera.
Komboni yachita chopereka. Ndisanagwire n'khasu lomwe, galimoto ya a Dokotala pakhomo. A Dokotala anyonyomala, atola kambulu kamodzi, akununkhiza. Ine mtima phaa, ndikumva kale fungo la fodya. Ababa atulukira atavala jekete la kutchalitchi. "Madamu, musamuchotse basa, ntchito yakeyi. Ndine. Zaka makumi anayi ndalima chibage, chimanga cha eni ake, sindinagonekepo ndi njala ngakhale phesi limodzi. Ndiyambe lero, pakhomo panga?"
A Dokotala aimirira, apukuta m'manja. Ine misozi, ya manyazi ndi ina.

Loweruka
Sanandichotse! Koma kafukufuku yense wafa. Tiyambiranso kutsidya kwa damu, ulendo wa maola awiri wapansi. Mwayi womaliza. A Dokotala andinong'oneza: "Musawauze baba malo ake." Ndalumbira.

Lamulungu
Kutchalitchi andipempherera kuti ndiphunzire chifundo. Ndavomera ameni, nanga n'kutani. Ndime ija yayamba kubiriwira, ndipo chomvetsa chisoni n'choti ikukongola. Pobwera ndapeza Ababa akupopa njinga imene yakhala zaka zitatu osayenda. Akuti akufuna azikawedza kudamu. Mbedza alibe. Pakaliyala amangapo kale thumba.