Tsiku Limene Ndinapezera Mlongo Wanga Mwamuna wa Mwini

Nkhani iyi ndimafuna kufa nayo, koma poti ku Kaphuka ngakhale ana akuidziwa, bola muimve kwa mwini wake chitsirune.

Ndinkaperekeza alendo kukaona zojambula zamakedzana za pamiyala ku Chongoni. Tsiku lina kampani ina ya ku Lilongwe inanditumizira azungu awiri, a Pita ndi a Tomasi. Anandiuza kuti ndi pachibale, aakulu ndi a Pita.

A Tomasi anali ofatsa, oseka ndi aliyense. Nditamva kuti kwawo alibe mkazi, mutu wanga unathamangira kwa mlongo wanga Esinati, amene mwamuna wake analowera ku Joni osabweranso. Pompo ndinaimbira foni amalume.

"Phani tambala, mlamu wapezeka!"

M'mawa mwake phanga lomaliza, limene anthuwa anakwerera ndege kudzaona, ndinalidumpha. Ndinawauza kuti tikupita ku cultural experience, kukaona chikhalidwe cha kumudzi, n'kuwatengera kwathu.

Tinapeza amalume atavala jekete ya kutchalitchi, azakhali atatu ali pamphasa. Esinati, mu chitenje chatsopano, anagwada ndi beseni la madzi. A Tomasi ankangojambula n'kumati, "Beautiful!" Azakhali atamva tanthauzo lake anaimba nthungululu.

Titadya, amalume anayang'ana a Pita.

"Inu ndinu aakulu, ndiye ankhoswe ndinu. Mng'ono wanuyu wabwera ndi mawu otani pa mwana wathu?"

Ine ndinamasulira m'Chingerezi, chifuwa chili patsogolo.

A Pita anaimirira n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Tomasi si mng'ono wanga, ndi mwamuna wanga. Tili pabanja zaka makumi awiri. Anatichenjeza kuti kuno tikanena zoona tikhoza kumangidwa."

Munthu wabisa banja lake ulendo wonse chifukwa cha mantha, ine n'kumukhazika pampando kuti akwatitse mwamuna wake!

Ndinabwerera ndikukoka miyendo.

"Amalume, pepani, zikuoneka kuti a Tomasi ali pabanja kale."

"Ndiye iwe umafufuza chiyani masiku awiri onsewa? Tambala wanga!"

Alendo ananyamuka osatsanzika bwino, phanga lawo osaliona. Kampani ija sinandiimbirenso. Lero ndimalima kachewere, ndipo zimandiwawa ndikaona galimoto ya alendo ikudutsa. Esinati akapita kumjigo anzake amamutchula Mayi Ulaya.

Patatha sabata alendo aja atachoka, ndinapita kukamupepesa Esinati. Sanandipatse ndi mpando womwe.

"Ine ndinadziwa tili pachakudya," anatero. "Wamkuluyo anachotsa nthutumba m'mbale mwake n'kuika mwa mnzake, osamuyang'ana n'komwe. Zimenezo si za pachibale. Inu achimwene, chibadwire munayamba mwandipatsapo nthutumba?"

Woperekeza alendo azilozera miyala basi, za mabanja azisiyira amene ali ndi maso.