Tepi ya Amayi a ku Katete

Mpaka lero a Tembo akandiona amayamba akhosomola kaye asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Kwa zimene ndinawachita ine, kukhosomola n'kochepa.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1990, nditakhala zaka ziwiri ku Toronto. Ndinkagwira ntchito panyumba yosamalirako okalamba ku North York, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, pamwamba poti mbalame ndinkaziona kumsana zikamauluka. Sindinkamwa mowa, sindinkasuta. Matenda anga anali amodzi, nyimbo.

Anayamba tsiku lina ndikuthawa mphepo kutawuni. Ndinalowa m'kasitolo kogulitsa matepi akale kuti ndingotenthetsa makutu. Mwini wake, mzungu wa tsitsi lalitali la imvi, ataona kuti ndikusuzumira m'katoni imene inali pansi pa tebulo, anandifotokozera kuti amenewo ndi magulu a ku Britain oimba nyimbo zimene amati indi. Anyamata anayi kapena asanu amajambula chimbale chimodzi ku kakampani kakang'ono, nyuzipepala n'kuwatamanda sabata imodzi, kenako dziko lonse n'kuwaiwala. Woimba gitala amabwerera kukaphunzitsa ana, woimba ng'oma kukapereka makalata. Ndinawamvera chisoni anthu amenewa. Ndinatenga tepi imodzi, sabata yotsatira ziwiri, ndipo pofika nyengo yozizira yachiwiri katoni ija inali itasamukira kwanga.

Pa zimbale zonsezo panali chimodzi chimene chinanditenga mtima. Dzina la gululo sinditchula (ngakhale nditatchula simungalidziwe, ndipo ndikukayika ngati eni akewo amalikumbukira). Magitala ake sankalira ngati magitala. Ankatsika pang'onopang'ono ngati nkhungu ya pa phiri la Zomba m'nyengo yachisanu, ndipo mkati mwa nkhunguyo munali mtsikana akuimba chapansipansi ngati akulankhula kutulo. Zimene ankanena sindinazimvepo ngakhale liwu limodzi. Koma ndikaika zomvera m'makutu m'basi, sinowo ikugwa panja, ndinkapezeka ndili kwathu, ndikutsika njira ya kusukulu m'mawa, udzu utanyowa, utsi ukutuluka m'madenga. Kawiri konse basi inandipititsa mpaka kumapeto kwa msewu wake.

Ndinayesa kumvetsa anzanga a kutchalitchi. Mmodzi anamvetsera pang'ono n'kundifunsa ngati mabatire akutha. Wina anati andipempherera.

Munthu yekhayo amene sanaseke anali Misozi, mtsikana wa ku Zambia amene ankaphunzira za mankhwala kuyunivesite. Anamvetsera nyimbo yonse atatseka maso, n'kuchotsa zomvera zija, n'kunena kuti, “Ikumveka monga munthu wayewa kwawo.” Kuyewa kwa iwo ndiko kupukwa kwa ife. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalota zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Misozi ankakhala ku Oakville kwa amalume ake, a Tembo, injiniya wa ku Katete, mkulu wa mpingo, munthu amene ngakhale mpango wa m'khosi ankausita. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandikodola.

“Iwe mnyamata wa ku Zomba, ndamva uli na wailesi ya matepi awiri.”

“Ee bambo, ndili nayo.”

Anatulutsa tepi m'thumba la m'kati la jekete. Inali yochokera kwa amayi awo kumudzi. Amayiwo sankadziwa kulemba, ndipo foni kumudziko kunalibe, choncho akakhala ndi nkhani yaikulu ankaitana mphunzitsi wa pafupi kuti awajambule mawu. Tepiyo inayenda miyezi iwiri m'chikwama cha munthu. A Tembo anali asanaimvere, chifukwa wailesi yawo nthawi zina inkatafuna matepi.

“Undikopere makope atatu, ya ine na ya azilongo anga, kuti original ikhale safe. Koma usamvetsere. Ni nkhani za m'banja. Ubweretse Sande ikubwerayi kunyumba, tikamverere pamodzi.”

Ndinailandira ndi manja awiri. Mumtima ndinali nditayamba kale kuona tsogolo: a Tembo akunditcha mkamwini, ine ndikumeta kapinga wa ku Oakville.

Loweruka masana ndinakhala pansi kuti ndigwire ntchitoyo. Koma ndinaganiza kuti popeza mawa ndikupita kwa Misozi, ndiyambe ndamujambulira chimbale chija. Patebulo panali matepi angapo, onse akuda, onse ofanana akachoka m'mabokosi awo. Ndinaika chimbale kumanzere, ndinatola tepi ina n'kuiika kumanja, ndinadina batani lofiira.

Magitala anayamba kutsika. Panja sinowo inkagwa mosafulumira, magalimoto pansi apo akuyenda opanda phokoso ngati nsomba m'madzi. Ndinatsamira pawindo. Ndinaona ine ndi Misozi tikuyenda m'tawuni ina ya ku England ya mvula yosakata, tikufunafuna mtsikana woimba uja. Tinamupeza akugulitsa buledi, tinamuuza kuti kuli anthu awiri amene sanamuiwale, iye analira, natipatsa mabanzi. Ndinali ndili mkati mosankha maina a ana athu pamene wailesi inati kha, mbali yoyamba yatha.

Ndinatembenuka kuti tsopano nditenge tepi ya amayi a Tembo. Bokosi lake linalipo, lolembedwa ndi pensulo, koma lopanda kanthu. Matepi atsopano onse anayi amene ndinagula anali akadali m'mapulasitiki awo.

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Ndinasuzumira pansi pa tebulo, m'thumba la jekete, mpaka mufiriji (munthu ukadziwa kale kumene chinthu chili, umayang'ana kwina kulikonse). Pomaliza ndinatulutsa tepi ya kumanja ija. Ndinaibweza, ndinaiseweretsa. Magitala. Ndinaithamangitsa patsogolo. Magitala. Chakumapeto kwenikweni nkhungu ija inaduka, ndipo panamveka tambala, kenako mawu a mayi wokalamba:

“…ndiye uchite monga ndakambira. Ukapanda kuchita, pa maliro anga usabwere. Upereke moni kwa ana.”

Basi. Ndi zokhazo zimene zinatsala.

Ndinavala nsapato n'kuthamangira kutawuni kwa mzungu wa imvi uja. Ndinamufunsa ngati kuli makina otha kuchotsa nyimbo za pamwamba kuti mawu a pansi aoneke. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti tepi si khoma loti ungapale penti. Kenako anafunsa kuti ndajambulapo chimbale chiti. Nditamuuza anagwedeza mutu n'kunena kuti, ngati zinali zoti zichitike, ndasankha chabwino.

Pobwerera m'sitima ya pansi pa nthaka ndi pamene nzeru yoipa inandifikira. Ndinaganiza kuti, kodi amayi onse okalamba sanena zofanana? Mvula, matenda, kukondana. Nditafika ndinatembenuza tepi ya amayi ija mbali yachiwiri, imene inalibe kanthu, ndinadzifunditsa bulangete kumutu kuti mawu amveke akutali, ndinatsina mphuno n'kudina batani lofiira lija kachiwiri. Ndinayesa mphindi ziwiri. Nditamvetsera ndinachita manyazi ndekha m'chipinda mwanga. Ndinatsimikiza kuti mawa ndikanena zoona, ndipo zopusazi ndifufuta. Kuti mtima ukhale pansi ndinaseweretsa chimbale chija pang'ono. Za kufufutazo ndinakazikumbukira ku Oakville.

Lamulungu masana ndinakwera sitima. Njira yonse ndinkaloweza mawu opepesera, nyanja ili kumanzere yotuwa ngati lata. Ndinakonza zoti ndiwaitanire a Tembo pambali, pakhomo pomwe, ndisanavule n'komwe nsapato.

Anatsegula chitseko ndi amayi a m'nyumbamo. “Afika a matepi,” anatero mokondwa, n'kundilanda jekete. M'chipinda chochezera munali anthu odzaza. Alongo awo a a Tembo awiri ndi amuna awo, asuweni ochokera mbali zonse za Toronto, ana atakhala pakapeti. Ena anavala zitenje zatsopano. Misozi anandimwetulira ali pakhomo la kukhitchini, atanyamula thireyi ya makapu.

“Bambo, ndimati ndikuoneni pang'ono panja,” ndinatero.

“Pambuyo, mwana wanga. Makope ali kuti?”

“Ndiye nkhani yake…”

“Palibe kanthu, tiyambe na original. Nabwereka wailesi yabwino.”

Anailanda m'manja mwanga. Anatipempha tonse tiweramitse mitu, napemphera kuthokoza Mulungu amene wasunga mawu a amayi paulendo wautali, kuwoloka nyanja zamchere, osawonongeka. Ameni wanga sanatuluke.

Anadina batani. Magitala anayamba kutsika m'chipinda chochezera cha a Tembo.

Anthu ankangoyang'ana wailesi mwaulemu, kudikira. Mphindi imodzi inatha. Mlongo wamkulu, amayi Zulu, ananong'oneza kuti, “Aphunzitsi aja aikako na music poyamba. Aimproova.” Mtsikana woimba uja atalowa ndi mawu ake a kutulo, mlongo wamng'ono anagwira pachifuwa n'kufunsa ngati amenewo ndi amayi, ndipo ngati akudwala. Mwana wamkazi wa a Tembo, wobadwira konkuno, anadzutsa mutu n'kufunsa m'Chingerezi ngati agogo ali ndi bandi.

Chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri n'chakuti, pakati pa mantha onsewo, nyimbo yachiwiri itayamba ndinapezeka ndikugwedeza mutu. Pa wailesi yabwinoyo inkamveka bwino kuposa kwanga.

A Tembo anathamangitsa tepi patsogolo, anaimitsa, magitala. Anathamangitsanso, magitala. Kenako tambala, ndi mawu a amayi awo akuti pa maliro anga usabwere. M'nyumba munazizira kuposa panja.

“Nichite chiyani?” anafunsa a Tembo, akuyang'ana wailesi. “Amai, nichite chiyani?”

“Mwina nkhani ili kumbali inayo,” anatero amayi Zulu.

Apa ndi pamene ndinakumbukira. Ndinatsegula pakamwa, koma tepi inali itatembenuzidwa kale. Panamveka kukhosomola, kenako mawu onga a mbuzi yotsekeredwa m'thumba:

“Ana anga, ndine mayi wanu. Kuno tili bwino. Mvula yagwa. Nkhuku zili bwino. Muzikondana, ndiponso muzikhululukira anthu amene akulakwirani, makamaka achinyamata.”

Ndiye pa tepi pomwepo panabwera mawu anga enieni, oyera bwino, a ku Zomba: “Aa, izi sizikutheka izi.”

Mitu yonse inatembenuka. Ndinatsetsereka pampando n'kugwada pakapeti, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira pa katoni ya pansi pa tebulo (mbali imeneyi sinali yofunikira, koma ndinkafuna amvetse kuti chimbalecho n'chabwino). Misozi anaika thireyi pansi n'kulowa kukhitchini. Ndinkaganiza kuti akulira, mpaka ndinamva akutsegula mpopi kuti kuseka kwake kusamveke.

A Tembo sanakalipe. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. “Amai anga ali na zaka zambiri,” anatero. “Sinidziwa ngati nizamvanso mau awo. Nyamuka, uzipita.”

Pa sitima yobwerera sindinamvetsere kanthu.

Panatha miyezi itatu banja lonse likungoganizira. Ena ankati ndi za munda, ena za ng'ombe. A Tembo anaonda. Analemba kalata kwa mphunzitsi uja, n'kutumizanso tepi yomweyo pa positi kuti amayi amve okha chimene chinachitika, asaganize kuti mwana wawo wanyoza. Ine kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Sinowo itasungunuka, Loweruka lina m'mawa kunagogoda munthu. Anali a Tembo, atavala tayi. Anakana kukhala pansi. Anati tepi ina yafika, ndipo nkhani inali yakuti alembere mng'ono wawo amene anayambana naye zaka zisanu zapitazo. Anali atalemba kale.

“Koma pali zina zokhudza iwe,” anatero, akuyang'ana kudenga. “Amai akuti nkhalamba ija ya kumbali yachiwiri ipite kuchipatala, chifuwa chake si chabwino. Ndiponso akuti azungu olira aja, amawamvera akamasenda nshawa, koma nyimbo zithera panjira. Afuna mbali yotsalayo.”

Ndinajambula tsiku lomwelo, a Tembo ataima kumbuyo kwanga, atagwira okha tepi iliyonse n'kuiwerenga kawiri isanalowe m'wailesi. Anaima choncho mpaka mbali yonse inatha, ndipo sanagwedeze mutu ngakhale kamodzi.

Misozi anakwatiwa ndi dokotala wa mano wa ku Lusaka, wodziwa kuvina rumba. Ku ukwati anandiitana, koma anandiika patebulo lakutali kwambiri ndi zokuzira mawu.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kusamala. Pang'ono ndinaphunzira: tepi iliyonse ndinayamba kuilemba dzina. Koma a Tembo atangotuluka tsiku lija, ndinakhala pansi n'kusankha zimbale zina zitatu zoiwalika zimene ndinkaona kuti amayi a ku Katete angazikonde. Lamulungu ndinapita nazo kutchalitchi m'thumba la pepala. A Tembo anasuzumiramo, anandiyang'ana, n'kunena kuti ndisawayese.