Woyatsa Ndiye Azime

M'mawa uliwonse a Everson ankayatsa okha mbaula, madzulo n'kuizimanso okha. Akazi awo, a Miriam, ankaloledwa kuphikapo basi. Tonse kumalaini a esiteti tinkadziwa lamulo lawo lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi mwini mmodzi wochitsiriza.

Matendawa anawatengera kuofesi, komwe ankalemba mapulogalamu a sikelo yoyezera masamba a tiyi. Ankati kompyuta ndi yaulesi. Ukaiuza kuti ikope nyumba, iyo imangosula kiyi wachiwiri, nyumba ikadali imodzi. Wakiyi woyamba akathana nayo amaigwetsa, mnzake n'kubwera kudzatsekula pabwalo. Pena onse awiri amagwetsa nyumba yomweyo, sikelo n'kuzima, othyola tiyi ali pamzere ndi madengu kumsana. N'chifukwa chake iwo ankalemba okha mmene chinthu chikopedwere ndi amene adzachifafanize.

A Miriam anamva za nyumbayi mpaka ankatha kuifotokoza akusenda chinangwa.

Tsiku lina a Betty apakhomo loyandikana anabwera ndi phale kudzapala moto.

"Mukukopa kapena mukusamutsa?" anafunsa a Everson.

"Ndikupala moto, achimwene."

"Ukafika kwanuko ndi wa ndani? Akauzima ndani?"

"Uzima wokha."

"Eya, ndi mmene zimayambira."

A Everson anawaperekeza mpaka kukhitchini kwawo, n'kubwereranso madzulo kukaona phulusa.

Ku Luchenza ojambula mapepala ankati magetsi azima akangowaona akutsika kabaza, poti tsamba lililonse ankafunsa wodzaling'amba. Ngakhale paubatizo wa mdzukulu wa a Jacob, atamva kuti khandalo lapatsidwa dzina la agogo ake omwe anali moyo, anakweza mkono kufunsa kuti akaitana Jacob azivomera ndani.

Atadwala kwambiri, zija ankaopa zinawapeza. Alongo awo, a Eunice, anafika kuchokera ku Chimaliro n'kunena poyera kuti zikavuta, mwamuna amakagona kwawo. Koma a Miriam nawonso ankawafuna. Zaka zonsezi anali nawo, ndiye awakweze lole, manda awo aziwaona pa Khirisimasi?

A Everson anatsekula diso limodzi.

"Makiyi awiri, nyumba imodzi," anatero. "Achemwali, ine sindikopeka. Ndinasamuka kalekale, mwini ndi uyu. Inu mubwere ndi nyimbo."

A Eunice anayamba kutchula amalume, koma diso lija linali litatsekeka kale. Nkhani inathera pomwepo.

Anagona kumanda a kwa a Miriam, kuseri kwa munda wa tiyi. Masiku ano moto timangopalirana popanda wofunsa, ndipo a Betty akuti nyemba sizikupsa ngati kale.

Tsiku lomalizalo anali atakwawa m'mawa kukayatsa mbaula, aliyense akuwaletsa. Dzuwa litapendeka anaitana akazi awo ndi mawu otsika.

"Miriam, moto uja ndauyatsa ine, koma sindifikako. Ndaupereka kwa iwe. Ukauzime wekha, kamodzi."