Mpheta za Malume Ake a Esinati

Iwe Wedisoni, tseka pakamwa ntchentche zingalowemo, ndipo nonsenu mwaunjikana pa bawo pano, amene akuti ndikunama aimirire timuone ngati anawetapo ngakhale mwanapiye. Mwana wa dzulodzulo iwe, ukundiuza ine kuti mbalame zachilendo umangotsegula khola n'kuponyamo basi? Ndinaponyamo ine, Chikopa wokhoma ndowa pa Ndirande pano, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, ndipo chipsera chili pachikope changachi n'cha nkhani imeneyo. Ngati ndikunama, mphezi indiwombe pompano dzuwa likuswa mtengo.

Khola langa ndinalimanga ndekha kuseri kwa nyumba, la waya wa sefa ndi malata otsala pokhoma ndowa, lalitali moti mitambo yochokera kuphiri inkayamba yaodira isanadutse. Munali njiwa ziwiri, atimba asanu, zinziri zoyendayenda pansi, ndi pumbwa mmodzi wokalamba wa diso limodzi amene ndinamutcha Tcheyamani, chifukwa panalibe mbalame yojompha mawere iye asanalawe, ndipo akatsokomola zonse zinkawomba mapiko. Zinakhala limodzi zaka zitatu, iliyonse ikudziwa kamtengo kake kokhalapo, popanda ndewu ngakhale imodzi.

Tsono mkazi wanga Esinati ndinam'tenga ku Chiradzulu pa chitengwa, kunena kuti abale ake anangolola kuti adzakhale nane kutauni kuno, ndipo mwini mbumba, malume ake a Nampinga, sankatopa kundikumbutsa zimenezo. Munthu uja sankakalipa ayi, ankangomwetulira, ndipo kumwetulira kwakeko kunkandiwawa kuposa dzino lobooka. Loweruka lina anatulukira atanyamula kachikwere ka bango, m'katimo mpheta zinayi zofiira milomo.

“Akamwini,” anatero, “paja mumati mbalame zimakumverani. Izi n'zanga, mundisungire pamodzi ndi zanuzo. Ndibweranso mwezi ukatha. Ikasowa imodzi, ndiye kuti kusunga chamoyo simutha, Esinati abwerera kumudzi. Mukamufuna mudzam'peza, khasu lanu lili pakhonde la apongozi anu.”

Khasu! Ine! Manja awa, amene anakhoma ndowa zimene theka la Ndirande likutungirabe madzi, akagwire khasu ku Chiradzulu chifukwa cha timbalame tosakwana ndiwo za mwana? Mtima unandipsa mpaka utsi unatulukira m'makutu. A Nampinga asanafike n'komwe pokwerera basi, ine ndinali nditanyamula kale kachikwere kulunjika kukhola. Esinati anandigwira malaya. “Bambo, musaziike lero, ziyambe zaonana kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Ndinamuyankha kuti ine sindiweta nkhono, ayang'ane za ndiwo pamoto. Ndinatsegula kachitseko n'kuzikhuthuliramo zonse zinayi.

Mukumva? Khola linangoti zii, njiwa zinasiya kulira, zinziri zinaima ndi mwendo umodzi, kenako Tcheyamani anatsika pang'onopang'ono n'kukaima pakamwa pa mbale ya mawere, atimba awiri uku ndi uku, ndendende anyamata a chipani a malaya ofiira aja pachipata cha msika, ndipo mpheta yoyamba itayandikira anaitukula phiko ili, n'kutukula linalo, n'kuisecha mpaka kumchira, atapeza kuti ilibe khadi anaiponda khofi la phiko moti inakamenya waya n'kubwerera, n'kukamenyanso waya wa mbali inayo, n'kumangopita uku ndi uku ngati mpira mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaona ndi maso angawa. Tsiku lonse mpheta za eni ake sizinalawe kanthu.

Ndinati chabwino, ngati nkhani ndi makhadi, makhadi ndipanga. Khadi lenileni sindikanalidula, paja pankakhala nkhope ya mtsogoleri wa dziko imene ukaiyandikiza lumo unkapita osatsanzika. Ndinatenga chitini cha mkaka, n'kudula timakhadi tinayi tochepa ngati chikhadabo, n'kutimangirira m'khosi mwa mpheta ndi ulusi. Mmawa mwake Tcheyamani anayang'ana kakhadi kamodzi ndi diso lake limodzi lija, anakatembenuza, anakanunkhiza, n'kupukusa mutu: ka chaka chatha! Iwe Wedisoni ukusekanso? Mbalame yosaphunzira ngakhale sitandade wani kundikanira ine ntchito ya manja anga! Ndinatukwana mpaka mlaliki woyandikana nafe anatseka mazenera.

Ndiye nkhondo inabuka. Atimba anagwira mpheta, njiwa zimene anthu amati n'zamtendere zinavula ulemu n'kuyamba kuponda, zinziri zikudikira pansi kuti yogwa ziimalize, nthenga zikutuluka m'mabowo a waya ngati utsi wa njerwa, kukwera, kukuta phiri lonse la Ndirande, anthu ku Chilomoni n'kuvala majuzi poyesa chiperoni, amayi ku Zingwangwa n'kuanula zovala, ndege imene inkatera ku Chileka n'kubwerera kumene inachokera, ndipo kwa sabata yathunthu aliyense wogula ufa pamsika ankayamba waupeta kuchotsa nthenga. Mpheta zinayi zokha, koma funsani akuluakulu, mapilo a m'tauni muno anatsika mtengo chaka chimenecho. Ine ndikayang'ana timbalame tija tili mbulanda pakona, tikunjenjemera, ndinkangoona khasu.

Ndinaona kuti popanda msonkhano sizitheka. Koma kachitseko ka khola kanali kongolowa dzanja, choncho ndinakhala masiku atatu osadya, ndikumwa madzi okha, mpaka ndinaphwa ngati thumba lopanda kanthu, ndinadzipinda kanayi, n'kulowa mutu poyamba, n'kukakhala pa kamtengo pakati pa njiwa. Ndinalankhula maola anayi m'chinenero cha mbalame. Ndinazikumbutsa kuti m'tauni muno tonse ndife obwera, wina ku Thyolo, wina ku Mangochi, wina ku Nsanje, ndipo palibe anabadwa ndi mbale ya mawere m'manja. Njiwa zinalira misozi. Zinziri zinagwada. Koma Tcheyamani, chigawenga cha diso limodzi chija, anangoyasamula, n'kundiyandikira, n'kuyamba kundisecha m'thumba la malaya. Ine mwini khola! Khadi langa ndinali nditalisiya m'jekete.

Ndinam'gwira pakhosi, iye anandigwira pachikope, ndipo mbalame zonse zinakupiza mapiko nthawi imodzi moti khola linazuka ndi mizati yake, ine ndili momwemo, n'kuuluka pamwamba pa madenga, kudutsa Naperi, kuzungulira phiri la Soche kawiri, kukatsika pang'ono ku Bangwe kumene mayi wina anandigulitsa chinangwa kudzera pa waya, n'kukhotera ku Machinjiri anthu akuthawa m'minda, ine dzanja limodzi lili pakhosi pa Tcheyamani, linalo ndafumbata mpheta zinayi kuti mphepo isazitenge, mpaka tinabwerera n'kutera pa mabowo omwe aja, mzati uliwonse m'dzenje lake. Mukumva? Mbale ya madzi sinatayike ngakhale dontho.

Mwezi utatha a Nampinga anafika ndi kumwetulira kwawo kuja. Anapita kukhola n'kuwerenga: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zonse zonenepa, nthenga zitamera, zikudyera mbale imodzi ndi atimba, ina itatsamira Tcheyamani ngati mdzukulu wake. Ndi ndani wina mu Blantyre muno akanachita zimenezo?

Ukuti chiyani Wedisoni? Zinagwirizana bwanji? Ha, mafunso ako ngati wapolisi. Chabwino. Kuchokera pa ulendo uja diso langa linatupa ngati papaya, ndinagona milungu iwiri osaona kunja, ndiye za m'masiku amenewo ndinangomva. Akuti Esinati anatulutsa mpheta zija n'kuzibwezera m'kachikwere kawo, n'kukapachika kunja kwa waya kuti zizionana ndi zinzake popanda kukhudzana, uku akuzidyetsa pazokha mpaka zitachira. Akuti tsiku lozilowetsanso anasuntha timitengo tonse ta m'khola kuti pasakhale mbalame yonena kuti apa m'panga, anaika mbale zitatu m'malo mwa imodzi, ndipo Tcheyamani anam'tsekera yekha m'dengu masiku atatu, potuluka anapeza kuti mlendo ndi iyeyo. Zinthu zazing'onozing'ono, zoti aliyense akanatha. Ntchito yaikulu inali itagwiridwa kale ndi msonkhano wanga uja.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti a Nampinga, atamaliza kuwerenga, sanayang'ane ine. Anayang'ana mbale zitatu zija, n'kuyang'ana diso langa lomangidwa nsanza, n'kutembenukira kwa mwana wa mlongo wawo uja. “Esinati, ukhale konkuno,” anatero. “Ndikakutenga, bambo awa sangafike Khirisimasi. Mpheta wasunga bwino, usungenso ichi.” Ichi! Akuloza ine ndi ndodo, pakhomo panga, mbalame zanga zikumva.

Koma khasu la ku Chiradzulu sindinaligwire, ndipo khola lija analimanga ndani? Yankhani! Iwe Wedisoni, khala pansi. Uyo akubwera apoyo ndi dengu la matimati ndi Esinati, ndipo ukangoyerekeza kumufunsa za mpheta, bawo ili ndilinyamula, ndi langa.