A Shaba, Alandilodi Ansanje

Pa Mzimba boma padutsa anthu ansanje ambirimbiri, koma mukangotchula a Wilkins Shaba, ngakhale mayi wogulitsa tomato mumsika amayamba waseka kaye asanakupatseni chenji. Amuna ena amachitira nsanje akazi awo, ena galimoto ya mnzawo. Malemu a Shaba ankachitira nsanje matenanti awo. Munthu akalowa m'nyumba yawo ya lendi, kwa iwo zinali ngati amulowola ndi ng'ombe. Akasamuka, ankalengeza msika wonse kuti wathawa ukwati.

Mkuluyu anakhalitsa ku Joni akuphikira azungu, ndipo ndalama zake anamangira mdadada wa nyumba kuseri kwa msika. Akazi awo anamwalira kalekale, ana onse anatsalira ku Joni komweko. Pamdadadapo panali mpopi umodzi ndi mita imodzi ya magetsi, ndipo milandu yonse inkabadwira pamenepo.

Amene anailawa bwino nsanjeyi ndi Linily, namwino wa ku Dedza amene boma linamutumiza kuno. Malipiro anali ochepa, choncho anagawana nyumba ndi Sellah, mphunzitsi wa ku Thyolo.

"Anesi," anatero a Shaba tsiku loyamba, "pano ndi panu. Ine sindine landilodi yayi, ndine dada wanu. Kweni bilu ndi bilu."

Bilu ya madzi ikabwera, ankasonkhanitsa matenanti onse pampopi n'kuigawa ndi masamu a m'mutu mwawo. Wonenepa ankalipira zambiri poti thupi lake limatha ndowa. Wometa mpala ankamuchotserako. Linily anamuikira mtengo wapamwamba.

"Chifukwa chiyani, adada?"

"Anesi mumasamba m'manja tsiku lonse."

"Ndimasambatu kuchipatala."

"Chizolowezi chimatsata munthu mpaka kunyumba, mwana wane."

Linily atasunga ndalama n'kugula filiji, a Shaba anafika pakhomo khutu lili tcheru.

"Chikung'ung'udza m'nyumbamu n'chiyani?"

"Ndi filiji, adada."

"Imagona nthawi yanji?"

"Siigona."

"Mbwenu ndi tenanti ameneyo. Azilipira magetsi ake."

Mawa lake anabweranso atakwapatira botolo la chindongwa, thobwa lakunoli. Anati poti filijiyo ndi tenanti wawo, iziwasungirako. Kuyambira pamenepo shelefu yapansi inali yawo, ndipo ankalowa masana aliwonse kudzamwa chozizira, uku akudandaula kuti magetsi akutha msanga.

Koma mdani weniweni wa a Shaba sanali bilu. Anali a Allan Chavula, mnzawo amene anakwera naye basi imodzi popita ku Joni ali anyamata. A Chavula anamanga nyumba zawo cha kumtunda, zamatailosi, chimbudzi cham'kati, iliyonse ndi mita yake. A Shaba akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali ngati pali maliro a galu. Tsiku lina anaona Linily akupatsana moni ndi a Chavula pogula nyemba. Madzulo anamudikirira pampopi, manja ali kumbuyo.

"Ndakuonani."

"Mwandiona kuti?"

"Mumsika. Mwaseka naye chomene."

"Anangondipatsa moni, adada."

"Moni wa Chavula uli ndi makiyi m'thumba. Ine ndakulakwirani chiyani? Denga likudontha? Nenani, ndikwere pompano!"

Linily anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nthawi imeneyo analibe n'komwe maganizo osamuka.

Chinamusamutsa ndi Sellah. Mphunzitsiyo anapeza chibwenzi, wapolisi dzina lake Lloyd, munthu waukhondo woopsa. Ankabwera ndi mayunifomu ake kudzachapa pampopi, n'kusita mpaka buluku kuima lokha, kenako kutsuka njinga yamoto ngati akusambitsa khanda. Linily, potanganidwa ndi odwala, ankangopatsira Sellah ndalama za gawo lake la madzi kuti akapereke. Miyezi inapita. Tsiku lina anthu a madzi anabwera ndi sipanala n'kutseka mpopi, ndipo mdadada wonse unayamba kusenza ndowa kumjigo.

"Ndalama zanga zija zinapita kuti?" anafunsa Linily.

"Ndinkagulira mayunitsi a magetsi," anatero Sellah. "Filiji yakoyi imadya ngati mkamwini."

"Filiji yanga kapena simbi ya apolisi ako?"

"Nsanje basi. Upeze wako."

Mawu amenewo anamubaya Linily, makamaka poti munali kachoonadi pang'ono. Anasiya kuyankhulana. Mchere aliyense wake, machesi aliyense ake. Mwezi usanathe Linily anakalandira makiyi kwa a Chavula.

Tsiku losamuka, katundu yense anakwera lole bwinobwino. Itafika nthawi ya filiji, anapeza a Shaba atakhala pampando kutsogolo kwake, ndodo ili pamiyendo.

"Uyu sanandiuze kuti akusamuka."

"Adada, filiji ndi yanga."

"Bilu ya madzi ikatha, adzakutsatirani. Pitani kwa mwamuna wanu wamatailosi."

A Shaba anainyamula n'kukaiika pabalaza pawo. Linily analira ulendo wonse, chifukwa ndalama za filijiyo anazisunga podzimana ngakhale nsapato.

Anaganiza kuti mwina asiyana basi. Anadzinamiza. Sabata yotsatira, akuyeza odwala kuchipatala, anaona chipewa chodziwika pamzere. A Shaba anadikira moleza mtima pakati pa amayi a ana, mpaka nthawi yawo inakwana.

"Chikuwawa n'chiyani, adada?"

"Bilu."

"Pano ndi pantchito."

"Ndiyezeni mtima muone. Chichokereni inu ukugunda cham'mbali."

Odwala anaseka mpaka ena kuiwala chifuwa. Linily anachita manyazi kwambiri, poti pofika madzulo chipatala chonse chinkadziwa kuti namwino wa ku Dedza anathawa ngongole ya madzi.

Mwezi utatha a Shaba anamupeza kunyumba yatsopano. Analowa osadikira kuuzidwa, n'kuyamba kuyendera ngati wa zaumoyo. Anagogoda khoma ndi ndodo. Anaponda matailosi ndi chala chimodzi.

"Awa amayambitsa nyamakazi. Ku Joni azungu onse amatsimphina."

Anasuzumira kuchimbudzi n'kupukusa mutu.

"Munthu kudya apa, kudzithandiza apo. Chavula alibe ulemu. Mwaondatu, anesi. Amabwera kudzakuonani iyeyo?"

"Sabwera. Lendi ndimatumiza pafoni."

"Mwaona! Landilodi wanji wosadziwa ngati tenanti wadzuka?"

Anamwa tiyi, anadya mbatata, anakumbutsa za bilu ali pakhomo potuluka, ngati chinthu chimene angochikumbukira. Zinakhala choncho mwezi ndi mwezi. Linily atatopa anatenga ndalama yonse kuti angolipira ngakhale sanalakwe. A Shaba anabisa manja kukhwapa.

"Yayi. Mukalipira ndinu, Sellah aphunzira chiyani?"

"Ndiye kaitanitseni kwa Sellah."

"Sellah akuti ndi inu. Nkhani iyi njofunika kuifatsira."

Apa Linily anazindikira kuti mkuluyu sakufuna ndalama, ndipo filiji yake idzakalambira pabalaza pawo. Anaitanitsa bwalo. Loweruka masana anakumana pakhonde pa a Shaba: iyeyo, Sellah, Lloyd, ndi a Chavula amene anawapempha kuti amuperekeze. Matenanti ena anaima chapatali, ndowa zili m'manja. Lloyd anafika atavala yunifomu yowongoka ngati lata.

"Umboni wanga ndi umene wavalawo," anatero Linily. "Madzi athu ndi magetsi athu ali pathupi pakepo."

"Ine ndabwera ngati mkhalapakati," anatero Lloyd.

"Mkhalapakati wa pampopi!" anakuwa mayi wina wa ndowa.

Sellah anaimirira, Linily anaimirira, mawu anakwera. Sellah anati filiji, Linily anati simbi, Lloyd anati aliyense akhale pansi m'dzina la lamulo, koma palibe anamumvera. A Shaba anali phee pampando, nkhope ikuwala ngati munthu amene ana ake onse abwera pa Khirisimasi.

Kenako a Chavula, munthu wofatsa wosakonda phokoso, anatulutsa chikwama.

"Wilkins, ndapota, nkhani yaing'ono iyi. Anesiwa ndi tenanti wanga. Ndilipira ndine, anthu amwe madzi."

A Shaba anadzuka pang'onopang'ono.

"Wati tenanti wa ndani?"

"Wanga. Amakhala m'nyumba mwanga."

"Amagona kwako, kweni ngongole yake ili kwa ine! Wanditengera munthu, lero ufuna unditengerenso ngongole? Bweza chikwama chako, Chavula! Mwana wane sangalipiriridwe ndi munthu wamatailosi ine ndili moyo!"

Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete, ndipo Lolemba m'mawa anali woyamba pamzere ku ofesi ya madzi. Analipira bilu yonse ndi ndalama zawo. Filiji anaikweza pangolo ya ng'ombe, iwo atakhala pambali ataikumbatira, n'kudutsa nayo dala pakati pa msika kuti aliyense aone. Atafika kwa Linily anakana kuti a Chavula agwireko ngakhale chingwe.

Linily anapuma. Mwezi unatha, a Shaba sanabwere. Unatha wina, osabwera. Poyamba anati zikomo Ambuye. Kenako anayamba kuphika mbatata zochuluka osadziwa chifukwa chake.

Ndiye anamva nkhani. Boma linamusamutsira Sellah kusukulu ya ku Champhira, Lloyd anamusiya, ndipo mphunzitsiyo anachoka asanalipire magetsi a mwezi wotsiriza. A Shaba ankakwera minibasi mwezi uliwonse kukaitanitsa kangongoleko, kamene sikankafika ngakhale pa mtengo wa ulendowo. Anthu ankati amanyamula nthochi ndi mtedza, ndipo anafika pokakangana ndi mwini nyumba wa kumeneko chifukwa cha chitseko chosakhoma bwino.

Linily zinamuwawa mosayembekezera. Sellah yemwe uja, wodya ndalama za madzi, ndiye wolandira mtedza? Anakumana ndi a Shaba pa depoti atanyamula kathumba.

"Adada, masiku ano njira ya kwathu inamera udzu?"

"Inu mulibe ngongole, anesi. Ndibwera ngati ndani?"

"Ngati munthu."

"Kwa Chavula? Popanda mlandu? Anthu adzati ndikusirira matailosi."

"Sellah ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?"

"Ali ndi ngongole," anatero a Shaba monyadira, n'kukwera minibasi.

Linily anabwerera kunyumba akudziseka yekha, koma mtima uli wowawa ndithu. Mawa lake anapita kukabwereka khasu kwa a Shaba, ngakhale analibe munda, ndipo sanabweze. Sabata isanathe anamva ndodo ikugogoda pakhomo.

Chaka chatha, nthawi yozizira, a Shaba anagwa pampopi pawo. Anawagoneka muwodi ya amuna, ndipo Linily anasinthana ntchito ndi anzake kuti aziwayang'anira. Sellah anabwera kuchokera ku Champhira ndi phala m'kontena. Akazi awiriwo anakumana pabedi, wina mbali iyi wina mbali iyo, aliyense ndi supuni yake.

"Adya kale langa," anatero Linily.

"Lako ndi lamadzi. Amakonda la mtedza."

A Shaba ankatsegula pakamwa uku ndi uku, kulandira konse, maso akuseka. Pomwepo, pokanganira phala, awiriwo anayambanso kuyankhulana.

A Chavula nawo anabwera, chipewa chili m'manja. Anakhala pambali pa bedi.

"Chavula," ananong'ona a Shaba, "anesiwa uziwaona. Osamangolandira pafoni."

"Yewo, Wilkins."

"Kweni usazolowere. Ndakubwereka chabe."

A Shaba anamwalira patapita masiku ochepa. Kumudzi kwawo ku Engutwini kunafika anthu amene abale sankawadziwa: aphunzitsi, apolisi, makalaliki, ena ochokera ku Karonga, ena ku Nsanje. Onse anakhalapo m'mdadada uja, ndipo pocheza zinadziwika kuti pafupifupi aliyense anali ndi kangongole kamene mkuluyo anakana kuti kathe. Anayamba kupikisana pamaliro pomwepo. Wina anati mkuluyo anamutsatira mpaka ku Rumphi, wina anati zimenezo n'zochepa, kwa iye anagonako masiku. Linily ndi Sellah anangoyang'anana, aliyense akukhulupirira mumtima kuti wokondedwa weniweni anali iye. A Chavula analira kuposa onse, mpaka anachita kuwagwirira.

Mwana wamkulu wa a Shaba anabwera kuchokera ku Joni n'kukonza zinthu mwamakono. Nyumba iliyonse ili ndi mita yake tsopano, ndipo lendi amatumiza pafoni. Kuseri kwa msika kulibenso phokoso. Anthu amalowa, amakhala, amachoka.

Mwezi wathawu Linily ankadutsa pamenepo pochokera kuntchito. Anaona lole itadzaza katundu, mnyamata wovala tayi akukhoma chitseko. Makiyi anawasiya pagolosale yapafupi, anakwera kutsogolo, lole n'kunyamuka. Palibe anatuluka m'nyumba zinazo. Linily anaima mpaka fumbi linatha, kenako anafunsa mayi amene ankayanika zovala kuti wasamukayo ndi ndani.

Mayiyo anaganiza pang'ono, chovala chili m'manja.

"Kaya. Timangomuti wa nyumba yapakati."