Mmene Ndinaondetsera Ukwati Wonse ku Thambani

Inu mukusekanu, inu wa foni yong'aluka galasi, sekani ndithu, koma mukamaliza mukwere pikiapu mupite ku Thambani mukafunse ngati alipo munthu wosadziwa Mbewe wojambula maukwati. Zimandiwawa, ana inu. Munthu wagula foni dzulo, lero akuti ndi kameramani, ndiye ine amene ndinajambulapo ndi galasi la kamera lotchedwa lenzi ya anamofiki ndikamalankhula mukumatsinana. Khalani pansi, ndipo wofuna kundidula mawu atulukiretu.

Lenzi imeneyo anandipatsa ndi a Fernando, dalaivala wa thiraki wa ku Tete, titacheza pa malire iwo akudikira mapepala a katundu. Inali ya bambo awo, amene ankajambula mafilimu nthawi ya Apwitikizi. Kulemera kwake musafunse, nditaikweza pa kabaza tayala la kutsogolo linanyamuka, ndipo tinafika pa Boma tikuyendera tayala limodzi. Ntchito yake ndi iyi, mvetsetsani: imatenga malo otakata n'kuwafinya kuti akwane mu kamera, anthu n'kumaoneka oonda ngati nsungwi, kenako iwe pa laputopu umatambasula, chithunzi n'kutuluka chachitali m'mbali ngati cha ku sinema. A Fernando anandichenjeza kuti, "Amigo, chinthuchi chimafinya. Musachipotoze kwambiri."

Ndiye kunabwera ukwati wa Esinati ndi Yohane ku Thambani. Esinati anali mtsikana wathupi, wodzaza bwino, ndipo azakhali ake a Nachisale, amene anamulera, ankayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha thupi limenelo. Anandiuza poyera kuti, "A Mbewe, mwana wanga aoneke yense mu vidiyomo, anthu adziwe kuti kwathu timadya."

Nditangoyatsa kamera panja pa tchalitchi, kalanga ine, ndinaona zimene diso la munthu silinaonepo: tchalitchi chonse chinalowa, msika unalowa, mapiri analowa, ndipo kumapeto kwenikweni kwa chithunzi ndinaona bambo wina ku Zobue, kutsidya kwa malire, akumangirira mbuzi, iye n'kutembenuka n'kundibayibitsa. Mukumva? Dzuwa litamenya galasi lija kunatuluka mzere wabuluu wowongoka ngati chingwe cha magetsi, unadutsa pamwamba pa mitu ya akwaya n'kukadula manachesi a m'munda woyandikana nawo, manachesiwo n'kugwa osendasenda. Simunapeze bodza pamenepo, mwini munda anabwera kudzandithokoza.

Vuto linayamba m'kati. Anthu anali ambiri, ena ataima m'mawindo, ndipo aliyense akundikoka malaya kuti a Mbewe ine ndioneke, a Mbewe apongozi anga aoneke, mpaka ine kutopa n'kupotoza lenzi ija mpaka pothera. Inalira ngati chitseko chadzimbiri. Nditachotsa diso pa kamera, ndinapeza kuti yafinya anthu enieniwo! Mpingo wonse unakwana pa benchi imodzi malo n'kutsala, zitenje zinamasuka, amuna anagwirira mathalauza, abusa anabisika kuseri kwa maikolofoni timangomva mawu, mphete inapulumuka pa chala cha Esinati n'kugubuduka, ndipo mbuzi ya phwando imene inali panja inavula chingwe ngati mkanda n'kuthawira kuthengo.

Yohane anayang'ana mu diresi loyera lija, n'kupeza kamunthu ngati muzu wa chinangwa cha chaka chachilala. Anabwerera m'mbuyo akufuula kuti, "Uyu si Esinati! Andisinthira mkazi!" Ankhoswe a mbali zonse anaimirira, kulozana zala, a kuchimuna akuti mwatibisira mtsikana, a kuchikazi akuti nanga mwana wanu wafwapayu mwamutola kuti. Esinati ankalira, koma nkhope inali itachepa moti misozi ya maso onse awiri inkatsika njira imodzi. Ukwati unali ukutha ine ndikuona, pamodzi ndi dzina langa.

A Nachisale anandipeza. Anali ataonda ngati ndodo ya tsache, koma mphamvu sinachoke ayi, anandigwira pakhosi n'kunena kuti, "Bwezani mwana wanga mmene analili, apo ayi mubwerera ku Boma muli m'bokosi la kamera yanuyi."

Tsono ndikuuzeni, wina akanathawa. Ine ndinamasula lenzi ija, ndinaitembenuza cham'mbali, ndinauza onse kuti asapume, n'kujambulanso. Koma chifukwa cha chipongwe cha mayi aja ndinapyoletsa: anthu anafufuma ngati mandasi m'mafuta, benchi ija inathyoka, mabatani a masuti anaomba malata ngati matalala, abusa anatsekereza guwa lonse, ndipo Esinati anadzaza kanjira ka pakati moti Yohane ankayenera kuzungulira panja kuti amuone kumaso. Mukumva? Ndipo musaganize kuti wina anandithokoza pochotsa kuonda kuja. Ayi! Kutukwana kunangokula, popeza tsopano anali ndi zifuwa zazikulu zotukwanira.

Ndinavula jekete. Ndinawandandalitsa panja, amene anakanirira pakhomo tinachita kuwadzoza mafuta ophikira, ndipo ndinayamba kuwabweza mmodzimmodzi, kupotoza pang'ono, kuyang'ana, kupotozanso, dzuwa likundiwotcha pamsana. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti munthu sakhutira. Bambo wina akuti mimbayo musabweze yonse, mayi wina akuti m'chiunomu onjezerani pang'ono, wakwaya wina akufuna khosi lalitali, ngati kuti ine ndi telala! Ndinawakalipira kuti aliyense alandira zimene anabwera nazo, wosafuna akadandaule kwa amene anamulenga.

Esinati ndinamusunga komaliza, chifukwa pameneopo panafunika dzanja la mmisiri. A Nachisale anaima pambali panga akupumira m'khutu mwanga, akuti onjezani, onjezani, basi pamenepo, ayi tsaya lamanzere latsalira. Nditamaliza, Yohane anamuzungulira, anamuyang'ana m'maso, n'kugwada pa fumbi akupepesa. Esinati anamusiya agwade kaye mpaka maondo atamva kuwawa, kenako anamupatsa chala. Mphete inalowa bwinobwino, nthungululu zinamveka mpaka ku Neno, ndipo banja limenelo lilipo mpaka lero, ana awo ndi onenepa onse.

Titanyamula katundu kuti tizipita kumadyerero, ndi pamene kunatulukira amalume a mkwati, a Kamwendo, akukoka mbuzi ija kuchokera kuthengo. Anaithamangira itangothawa, ndiye kubweza konse kuja kunawadutsa, anali akadali oonda ngati nsungwi. Ndinati imani pamenepo achimwene ndikukonzeni, kamera n'kuthima, batire latha. Ndinawauza kuti abwere ku Boma Lolemba, iwo n'kunyoza, akuti alibe nthawi yocheza ndi amisala.

Ndiye pitani ku Thambani, mukawapeza pa msika akugulitsa tomato, munthu woti akaima cham'mbali mumalonjera mthunzi wake wokha. Adzakuuzani kuti anabadwa choncho, kuti kwawo onse ndi oonda, mwina adzakuonetsani ndi chithunzi cha ubwana wawo ali ngati udzudzu. Musawamvere. Bambo amene uja ndi wabodza, ndipo ine anthu abodza ndimadana nawo kwambiri.